Sessue Hayakawa, Mjapani wa ku Hollywood

Oŵerenga amene anaonerako kanema wa ku America wotchedwa House of Bamboo, wa m'chaka cha 1955, adzakumbukira mkulu wa apolisi a ku Tokyo, dzina lake Kita, amene ankasakasaka zigaŵenga zochokera ku America. Zigaŵengazo, zimene kale zinali asilikali, zinathira nkhondo sitima yapamtunda yonyamula zida pafupi ndi phiri la Fuji. Gaŵo la wapolisiyo linali laling'ono poyerekeza ndi la Robert Ryan kapena Robert Stack, koma mkulu amene analiseŵerayo anali atagwedeza Hollywood zaka 40 m'mbuyomo.

Sessue Hayakawa anabadwa pa 10 June 1886 m'chigaŵo cha Chiba ku Japan, ndipo anapita ku America akali mnyamata. Mu 1914 anayamba kuoneka m'makanema opanda mau, nakwatira Tsuru Aoki, Mjapani mnzake wa ntchito yomweyo.

Mbiri yake inawanda mu 1915 chifukwa cha kanema wa The Cheat, wokonzedwa ndi Cecil B. DeMille. M'menemo iye anaseŵera ngati mpondamatiki wankhanza amene akongoza mkazi wachizungu ndalama, pambuyo pake namuotcha paphewa ndi chidindo chamoto. Azungu anachita naye chidwi kwambiri, pamene Ajapani okhala ku America anaipidwa poona mtundu wao ukunyozeka chotere. Dandaulo lao linamveka, kotero kuti potulutsanso kanemayo mu 1918 eni ake anasintha nkhani kuti munthu woipayo akhale wa ku Burma.

Pokana kumangopatsidwa magaŵo a anthu oipa, Hayakawa anatsegula kampani yakeyake, Haworth Pictures, m'chaka chomwecho cha 1918. Kumeneko anakonza makanema monga The Dragon Painter wa mu 1919, m'mene Mjapani ankaoneka ngati munthu wodziŵa kukonda ndi kumva chisoni. Komabe chidani cha pa anthu a ku Asia chinali kukulirakulira, ndipo mu 1922 anachoka ku Hollywood.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inampeza ku France, kumene anadzithandiza pogulitsa zithunzi zojambula pamanja. Mu 1949 anabwerera ku America kukaseŵera ndi Humphrey Bogart mu Tokyo Joe. Pofika nthaŵi ya House of Bamboo zinthu zinali zitatembenuka: oipa m'nkhaniyo anali Azungu, wosunga lamulo anali Mjapani.

Mu 1957 anaseŵera ngati Saito, mkulu wa ndende ya akaidi a nkhondo, mu The Bridge on the River Kwai. Dzina lake linaloŵa m'gulu la oyembekezera mphotho ya Oscar, ngakhale kuti sanaipate. Mkazi wake atamwalira mu 1961, iye anakhazikika ku Japan nadzipereka pa chiphunzitso cha Chibuda cha Zen. Anatsikira kuli chete ku Tokyo pa 23 November 1973 ali ndi zaka 87.