Allen Whipple

Allen Oldfather Whipple (2 September 1881 – April 1963) anali dokotala wa opaleshoni wa ku United States. Amadziwika kwambiri ndi opaleshoni ya khansa ya pancreas yotchedwa ndi dzina lake, komanso anali mmodzi mwa oyamba kupatutsa magazi mwa opaleshoni pofuna kupulumutsa odwala chiwindi amene amasanza magazi.

Ubwana ndi maphunziro

Whipple anabadwira ku Urmia, m'dziko la Persia lomwe lero ndi Iran, kumene makolo ake ankagwira ntchito yaumishonale. Anamaliza maphunziro pa yunivesite ya Princeton mu 1904, ndipo mu 1908 analandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Columbia ku New York. Kuyambira 1921 mpaka 1946 anali pulofesa wa opaleshoni pa Columbia komanso mkulu wa opaleshoni pa chipatala cha Presbyterian.

Vuto la chiwindi chouma

Magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amadutsa mu mtsempha waukulu wa portal n'kulowa m'chiwindi kuti akasefedwe. Chiwindi chikadzaza zipsera n'kuuma, matenda otchedwa cirrhosis, magaziwo amasowa podutsa. Amadzazana n'kuyamba kulambalala kudzera m'timitsempha ta kummero ndi m'mimba, timene timatupa mpaka kuphulika. Wodwala amasanza magazi ambiri ndipo akhoza kufa m'maola ochepa.

Whipple anatsogolera gulu la madokotala ofufuza matenda a kapamba pa Presbyterian. Gululi, momwe munali Louis Rousselot, linayeza kuthamanga kwa magazi m'mitsempha imeneyi pa nthawi ya opaleshoni n'kupeza kuti kunali kokwera.

Opaleshoni yopatutsa magazi

Mu 1877 dokotala wa ku Russia, Nikolai Eck, anali atalumikizapo mtsempha wa portal ku vena cava, mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, koma anachita izi pa agalu. Mu 1945 Whipple ndi Arthur Blakemore anafalitsa zotsatira za opaleshoni yotere pa anthu. Poyamba ankalumikiza mitsemphayo ndi kapaipi ka chitsulo cha vitallium, kenako anayamba kuisoka. Kwa odwala ena ankachotsa kapamba n'kulumikiza mtsempha wake ku mtsempha wa impso ya kumanzere.

Njirayi inkaletsadi kutaya magazi, koma inali ndi kuipa kwake. Magazi osasefedwa ankanyamula poizoni monga ammonia kupita ku ubongo, ndipo odwala ena ankasokonezeka mutu kapena kukomoka. Mwa ena chiwindi chinkafookeratu chifukwa cholandira magazi ochepa.

Zotsatira za ntchito yake

Pofuna kuchepetsa mavutowa, mu 1967 W. Dean Warren anayambitsa opaleshoni yopatutsa magazi a kummero ndi m'mimba okha kudzera m'kapamba, ena onse n'kumapitabe kuchiwindi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera njira ya TIPS, yoika kapaipi m'kati mwa chiwindi kudzera mu mtsempha wa pakhosi popanda kung'amba mimba. Masiku ano madokotala amayamba ndi mankhwala ndi kumanga mitsempha yotupayo ndi timphira, ndipo amapatutsa magazi makamaka zimenezi zikalephera.

Whipple anaphunzitsanso madokotala ambiri, kuphatikizapo Virginia Apgar, amene anamulangiza kuti aphunzire ntchito yogoneka odwala pa opaleshoni. Anamwalira ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey, ali ndi zaka 81.