Hugh Tracey

Hugh Travers Tracey (29 Januwale 1903 – 23 Okutobala 1977) anali katswiri wofufuza ndi kujambula nyimbo za makolo a mu Africa. Zina mwa nyimbo zakale za ku Malawi zomwe zikumvekabe lero zinasungika chifukwa cha ntchito yake.

Ubwana ndi chiyambi cha ntchito

Tracey anabadwira ku Willand, m'dera la Devon ku England. Mu 1921 anapita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kukalima fodya ndi mkulu wake. Pogwira ntchito limodzi ndi Akaranga, anaphunzira chiyankhulo chawo ndi nyimbo zomwe ankaimba kumunda.

Mu 1929 anatenga gulu la oimba Achikaranga n'kupita nalo ku Johannesburg, komwe kampani ya Columbia inajambula nyimbo zawo pa mbale za galamafoni. Masiku amenewo galamafoni inali makina opukusa ndi dzanja, osafuna magetsi. Singano yachitsulo inkatsata mizere ya pa mbale yomwe inkazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi. Mbali iliyonse inkatenga nyimbo ya mphindi pafupifupi zitatu, ndipo mbaleyo ikagwa inkasweka. Amalawi ena obwera ku Joni ndi ku Halale ankafika kumudzi atanyamula magalamafoni otere, okhala ngati kasutikesi.

Kuyambira 1936 mpaka 1947 Tracey anali mkulu wa wailesi ya South African Broadcasting Corporation m'chigawo cha Natal. Mu 1948 anatulutsa buku lotchedwa Chopi Musicians, lofotokoza za oimba timbila a ku Mozambique. Mu 1954 anakhazikitsa bungwe la International Library of African Music ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg.

Maulendo ake ku Malawi

Tracey anajambula nyimbo za Amalawi m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Anajambula Achewa, Amang'anja, Ayao, Atumbuka ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja. Mwa zomwe anajambula muli nyimbo za bangwe, kalimba, malipenga komanso za amayi posinja pamtondo.

Pofika nthawiyi anali atayamba kugwiritsa ntchito makina a tepi. Ankayenda pa galimoto zonyamula makinawo pamodzi ndi injini yopangira magetsi. Anthu akamaimba, iye ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaiyandikitsa kwa woimba kapena chida chomwe ankafuna kuti chimveke bwino. Akamaliza ankawayatsira nyimboyo kuti adzimve okha.

Nyimbo iliyonse ankailembera khadi losonyeza mutu wake, oimba, malo, chiyankhulo ndi zida zomwe zinagwiritsidwa ntchito. Makadiwa ndi amene amathandiza wofufuza kudziwa komwe nyimbo inachokera. Koma wofufuzayo ayenera kudziwa mayina a nthawi ya atsamunda, chifukwa zolemba za zaka zimenezo zimati Kota Kota ponena Nkhotakota, Fort Johnston ponena Mangochi, ndi Port Herald ponena Nsanje.

Nyimbo zomwe anajambula m'maiko osiyanasiyana zinatuluka pa mbale 210 zotchedwa Sound of Africa, zokonzedwera sukulu zaukachenjede ndi nyumba zosungira mabuku, komanso pa mbale 25 za Music of Africa zogulitsa kwa anthu wamba.

Zomwe anthu amatsutsana

Ambiri amamuyamikira Tracey chifukwa chosunga nyimbo zomwe zikanapita limodzi ndi eni ake. Ena amakumbutsa kuti ankagwira ntchito mothandizidwa ndi maboma a atsamunda komanso ndalama za makampani a migodi, omwe ankalemba ntchito anthu ochokera m'midzi momwe iye ankajambulamo. Chinanso n'chakuti mbalezo zinakathera kunja, kotero oimba ambiri ndi ana awo sanakhale nazo m'manja. Pofuna kukonza zimenezi, bungwe lomwe anakhazikitsa linasamutsira nyimbozo pa kompyuta ndipo linayamba kubweza zina kumadera komwe zinajambulidwa.

Imfa yake

Tracey anamwalira pa 23 Okutobala 1977 kufupi ndi Krugersdorp ku South Africa, ali ndi zaka 74. Mwana wake Andrew Tracey anapitiriza ntchitoyo, ndipo mu 1978 anasamutsira bungwelo ku Rhodes University mumzinda wa Grahamstown, womwe tsopano ukutchedwa Makhanda. Matepi, makadi ndi zida zoimbira zomwe Tracey anasonkhanitsa zikusungidwa kumeneko. Kampani ya SWP Records inatulutsanso zina mwa nyimbo za ku Malawi pa zimbale ziwiri, china cha kumwera ndi pakati, china cha kumpoto ndi pakati.