Al-Ashraf Umar, mfumu ya ku Yemen imene inafuna Qibla ndi singano ya maginito



M'kope lino tikumbuka munthu amene anakhala pampando waufumu zaka zosakwana ziwiri, koma ntchito ya manja ake ikuonekabe patadutsa zaka zoposa 700. Dzina lake ndi Al-Malik al-Ashraf Umar ibn Yusuf, sultani wachitatu wa banja la Rasul m'dziko la Yemen. Pa mabuku akale amene akatswiri a mbiri apeza, lake ndilo loyamba kufotokoza mmene singano ya maginito ingathandizire Msilamu kupeza Qibla, yomwe akuluakulu athu ena amati chibula.

Umar anabadwa cha m'ma 1242. Agogo ake, Nur al-Din Umar, ndi amene anayambitsa ufumu wa banjali mu 1229, ndipo bambo ake, al-Muzaffar Yusuf, analamulira zaka zoposa 40 mpaka 1295. Likulu lawo linali Taiz, mzinda wa m'mapiri. Kumunsi, m'chigwa chotentha cha Tihama, kunali Zabid, mzinda wotchuka ndi mashehe ndi madrasa. Kugombe kunali doko la Aden, kumene zombo zochokera ku India ndi ku Egypt zinkatsitsa katundu ndi kulipira msonkho. Chuma chimenechi chinamanga mizikiti ndi madrasa ambiri, ndipo mwana wa mfumu anakulira pakati pa mabuku ndi aphunzitsi.

Ufumu unamuchedwera. Anadikira mpaka atapitirira zaka 50, akugwira ntchito zimene bambo ake ankamutuma, monga kuyang'anira dera la al-Mahjam ku Tihama. Zaka zodikirazo anazithera pa kuphunzira ndi kulemba. Analemba buku la ulimi lofotokoza mbewu za ku Yemen ndi nyengo zobzalira, lina la matenda a akavalo, lina la mibadwo ya mafuko, ndi lina la nyenyezi lotchedwa al-Tabsira. Mwana wa mfumu sasowa womulimira kapena womusamalira kavalo, koma iye anafuna kudziwa yekha mmene zinthu zimayendera.

Luso lake lalikulu linali pa chida chotchedwa asturlab. Ichi ndi chitsulo chamkuwa chozungulira ngati mbale yafulati, chokhala ndi mizere ndi manambala, chimene munthu amayezera kutalika kwa dzuwa kapena nyenyezi kuchokera pansi. Akatero amadziwa nthawi, ndipo kwa Asilamu a masiku amenewo, opanda wotchi ya pamkono, chinali chothandiza kudziwa nthawi za Swala. Asturlab imodzi imene Umar anapanga mu 1291, chaka cha 690 cha Hijra, ilipobe. Dzina lake linazokotedwa pamenepo, ndipo imasungidwa ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York. Analembanso buku lophunzitsa kapangidwe ka chidachi. Kumapeto kwa bukulo kuli ma ijaza awiri, ndiye kuti zikalata zaumboni, zochokera kwa aphunzitsi ake amene anayesa zida zimene anapanga ndi kutsimikiza kuti n'zolondola. Mwana wa sultani anapereka ntchito yake kwa aphunzitsi kuti aione ngati ili ndi zolakwika, monga mmene mwana wa Fomu 2 amaperekera kope lake.

M'buku lomwelo ndi mmene muli nkhani ya maginito. Singano yoloza kumpoto ndi kummwera sanaitulukire ndi iye. Katswiri wa ku China, Shen Kuo, anali atailemba kale cha m'ma 1088, ndipo Baylak al-Qibjaqi analemba ku Cairo mu 1282 kuti anaona amalinyero akuigwiritsa ntchito pa ulendo wopita ku Alexandria cha m'ma 1242. Chimene Umar anachita ndi kuichotsa panyanja n'kuipatsa ntchito ya pa Swala. Anafotokoza mbale yotchedwa tasa, imene m'mphepete mwake mwalembedwa madigiri. M'mbalemo amathiramo madzi. Singano yachitsulo amaikhuza pa mwala wa maginito, n'kuilowetsa m'kaphesi kopepuka kuti iyandame. Madzi akakhala bata, singano imatembenuka yokha n'kuima moloza kumpoto ndi kummwera. Munthu wodziwa kuti Makka ili madigiri angati kuchokera pa mzere umenewo amawerenga m'mphepete mwa mbale n'kupeza Qibla, ngakhale kuli mitambo, dzuwa ndi nyenyezi zisakuoneka.

Mu 1295 bambo ake anamupatsa ufumu, ndipo patangopita miyezi yochepa anamwalira. M'bale wake, al-Mu'ayyad Dawud, anamuukira, koma anagonja n'kutsekeredwa m'ndende. Umar sanamuphe. Iye mwini anamwalira mu 1296, ndipo Dawud yemweyo anatulutsidwa n'kukhala sultani mpaka 1321.

Singano ya Umar idakali nafe. Ili m'kampasi yaing'ono imene imasokedwa pa misala ina yoswalira, ndipo ili m'foni, momwe kachipangizo kakang'ono kamayeza maginito a dziko lapansi kuti pulogalamu ya Qibla ionetse muvi. Koma chidachi chili ndi kufooka kumene tonse tiyenera kukudziwa. Maginito a dziko lapansi ndi ofooka kwambiri. Maginito ena alionse amene ali pafupi amawaposa mphamvu, ndipo singano imatsata amene ali pafupiwo osatichenjeza.

Makolo amene anakhalapo ndi TV zakale zija za msana waukulu anaziona ndi maso zimenezi. Munthu akaika sipika ya wailesi pambali pa TV, pakona pa galasi pankabwera chigamba chofiirira kapena chobiriwira, nkhope za owerenga nkhani n'kusintha mtundu. Chifukwa chake n'chakuti kumbuyo kwa sipika iliyonse kuli maginito aakulu, amene pamodzi ndi koyilo ya waya amagwedeza pepala lotulutsa mawu. M'kati mwa TV yakaleyo, timitsinje titatu ta magetsi tinkachoka kumbuyo kwa chubu n'kukagunda timadontho tapagalasi, kena tofiira, kena tobiriwira, kena tabuluu, todutsa m'kachitsulo kopyapyala ka timabowo tambirimbiri. Maginito a sipika ankapinda njira ya timitsinjeto, moti kofunika kugunda dontho lofiira kankagunda labuluu. Nthawi zina kachitsulo kaja kankatengera maginitowo, chigamba n'kutsalabe sipika itachotsedwa. N'chifukwa chake TV zimenezi zinkalira kamodzi poyatsa: inali koyilo yozungulira galasi ikufufuta maginito otsalira.

Opanga masipika anapeza mankhwala ake. Kumbuyo kwa maginito a sipika ankamatako maginito ena motembenuza, kuti mphamvu yotayikira kunja ichepe, kenako n'kuvundikira zonse ndi chikho chachitsulo. Chitsulocho sichitseka maginito monga khoma litsekera mphepo. Chimawapatsa njira yosavuta yodutsamo, monga ngalande imatengera madzi a mvula kuti asalowe m'nyumba. Thabwa, pulasitiki ndi nsalu sizichita zimenezi, choncho bokosi la sipika palokha silitchinga kanthu. TV zafulati za masiku ano sizigwiritsa ntchito timitsinje tija, ndiye mitundu yake siisokonezeka, ndipo masipika ambiri, makamaka akuluakulu ngati a mumzikiti, alibe chotchingacho. TV inasiya kudandaula, koma kampasi ndi foni zimasokonezekabe.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Allah anatilamula m'Surat al-Baqarah, ndime 144, kuyang'ana ku Msikiti Wopatulika wa ku Makka poswali. Kwa ife a ku Blantyre ndi ku Mangochi, Qibla ili pafupifupi madigiri 7 kummawa kwa mpoto weniweni. Kampasi yokha kuno kwathu imaloza mopatukira pang'ono kumadzulo kwa mpoto weniweniwo, ndipo mapulogalamu abwino a m'foni amakonza kusiyanaku. Koma palibe pulogalamu imene ingakonze kukoka kwa sipika imene ili pambali pa mihrabu, kapena kwa mafelemu achitsulo a mawindo, zitsulo za m'konkire, ngakhale kamaginito kotsekera chikwama cha foni. Maulama amatiphunzitsa kuti amene ali kutali ndi Makka amayang'ana mbali imene kuli Ka'aba, ndipo kupatuka pang'ono pambuyo poyesetsa sikuononga Swala. Koma sipika yaikulu ikhoza kutembenuza singano kwambiri, ndipo mzere wolakwika ukajambulidwa pa simenti kapena maziko akakumbidwa, anthu adzautsata zaka zambiri.

Choncho tikupempha akuluakulu a komiti ya mzikiti, makolo amene akukonza malo oswalira kunyumba, ndi ana athu ogonera pasukulu, kuti poyeza Qibla atuluke panja, atalikire masipika, galimoto ndi mipanda yachitsulo, ndipo ayeze pamalo awiri kapena atatu. Ngati muvi ukusintha munthu akasuntha mapazi ochepa, pali chimene chikuukoka. Pali njira inanso yosadalira maginito. Kawiri pachaka dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa Ka'aba: pa 27 kapena 28 Meyi cha m'ma 11:18 m'mawa nthawi ya kuno, ndi pa 15 kapena 16 Julaye cha m'ma 11:27. Pa mphindi imeneyo imikani ndodo mowongoka pamalo osapendekeka. Mthunzi wake umagwera mbali yosiyana ndi Qibla, ndiye mzere wochoka kunsonga ya mthunzi kupita patsinde pa ndodo ukuloza ku Makka. Ophunzira athu a sayansi akhoza kuchita zimenezi pabwalo la sukulu ndi ndodo, chingwe ndi choko, kenako n'kuyerekeza ndi zimene mafoni awo akunena pafupi ndi sipika komanso kutali nayo.

Umar ibn Yusuf anali ndi asturlab, anali ndi mbale ya singano, analinso ndi aphunzitsi oti aone ntchito yake. Sanakhutire ndi chida chimodzi kapena ndi maso ake okha pa nkhani yokhudza Swala. Ife tili ndi zida zabwino kuposa zake m'matumba mwathu, ndipo chimene tingatengere kwa iye ndi chizolowezi chofunsa mmene chida chimagwirira ntchito ndi chimene chingachinamize. Allah amuchitire chifundo, ndipo atipatse ife ndi ana athu maphunziro opindulitsa. Ameen.