Engenas Lekganyane: mlaliki wa ku Thabakgone amene anatsegula njira ya ku Moria

EKURHULENI, South Africa – Sabata ya Pasaka ikafika, m'madera a kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg monga Katlehong, Vosloorus, Daveyton ndi Ramaphosa, mudzi wa tinyumba ta malata womwe uli pafupi ndi Reiger Park ku Boksburg, mumaoneka chipwirikiti cha anthu a paulendo. Abambo ovala khaki ndi zipewa zangati za asilikali, amayi ovala zobiriwira ndi zachikasu, onse atapachika baji pachifuwa, amakhala akukweza mabulangete, kamba ndi zigubu m'mabasi. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 300 kulowera kumpoto pa msewu wa N1, kenako n'kukhotera kum'mawa pa Polokwane kutsata msewu wa R71 mpaka ku Moria, likulu la mpingo wa Zion Christian Church (ZCC).

Palibe msonkhano wina wa Akhristu m'chigawo chino cha kum'mwera kwa Africa umene umasuntha anthu ochuluka chotere pa nthawi imodzi. Eni mabasi ndi maminibasi, ogulitsa mafuta a galimoto, ophika zakudya m'mbali mwa msewu, apolisi a pamsewu ndi ogwira ntchito pa zipata za m'malire monga Beitbridge ndi Groblersbrug, onse amaudziwa mwambowu ngati momwe mlimi amadziwira nyengo ya dzinja. Koma munthu amene anayambitsa zonsezi anamwalira kale mu 1948, asanaone n'komwe chinamtindi cha anthu chimene dzina lake limakoka lero.

Engenas Barnabas Lekganyane anabadwa cha m'ma 1885 m'dera la Haenertsburg, kumpoto kwa chigawo chomwe kale chinkatchedwa Transvaal, pakati pa anthu a mfumu Mamabolo omwe amalankhula Sepedi. Dzina loti Engenas ndi katchulidwe ka kwawoko ka dzina la Ignatius. Chikhristu sichinali chachilendo m'banja mwawo, pakuti amishoni a Lutheran ochokera ku Berlin anali atakhazikika kale m'deralo iye asanabadwe. Sukulu sanapite nayo patali. Anakula pa nthawi yovuta ya chilala, mliri wa ng'ombe ndi nkhondo ya pakati pa Mabuno ndi Angelezi ya 1899 mpaka 1902, ndipo monga anyamata ambiri a nthawiyo, anayamba msanga kugwira maganyu m'mafamu a azungu ndi pa ntchito za zomangamanga. Ali mnyamata analowa mpingo wa Free Church of Scotland, womwe ndi mpingo womwewo umene unatumiza amishoni a Livingstonia ku Nyasaland, ndipo ankaphunzira ntchito ya ulaliki.

Zimene zinamuchotsa mu mpingo wa amishoni zimafotokozedwa m'njira ziwiri. Otsatira ake amakhulupirira kuti mu 1910 Mulungu anamulankhula pa phiri la Thabakgone, kwawo, ndipo chaka chimenechi ndicho mpingo umawerengera ngati chiyambi chake. Amanenanso kuti anavutika kwa nthawi yaitali ndi nthenda ya maso, ndipo anachira atabatizidwa momizidwa katatu m'madzi oyenda. Akatswiri a mbiri yakale amene anafufuza m'makalata a boma amaika chiyambi cha mpingowu mochedwerapo, mu 1924 kapena 1925, ndipo ena mwa iwo amati kunali ku Boksburg, kuno ku East Rand, kumene Lekganyane anakumana ndi chiphunzitso chatsopanochi atabwera kudzafuna ntchito. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo imodzi: chikhulupiriro chake chinaumbidwa pakati pa anthu ogwira ntchito kutali ndi kwawo.

Chiphunzitsocho chinali chochokera kutali. Mu 1896 mlaliki wina wobadwira ku Scotland, John Alexander Dowie, anayambitsa mpingo wa Christian Catholic Church ku Chicago, ndipo patapita zaka zochepa anamanga mzinda wake wotchedwa Zion m'boma la Illinois ku America. Dowie ankaphunzitsa kuti machiritso amachokera kwa Mulungu yekha, ankaletsa mowa, fodya ndi nyama ya nkhumba, ndipo ankabatiza pomiza katatu. Mtumiki wake Daniel Bryant anafika ku South Africa mu 1904, ndipo mu 1908 kunabweranso John G. Lake ndi uthenga wa Chipentekoste, umene unabala mpingo wa Apostolic Faith Mission. Sipanatenge nthawi kuti alaliki achikuda aone kuti m'mipingo imeneyi maudindo aakulu anali a azungu okhaokha, choncho anayamba kupatuka mmodzimmodzi n'kumatsegula mipingo yawo, yambiri mwa iyo yokhala ndi dzina la Ziyoni.

Lekganyane anayamba kutumikira pansi pa Elias Mahlangu mu mpingo wa Zion Apostolic Church, ndipo anatsogolera mpingo wa kwawo ku Thabakgone. Mu 1918 anakwatira Salfina Rabodiba. Koma iye ndi Mahlangu sanamvane pa miyambo ina, monga kuvala mikanjo yoyera, kusunga ndevu ndi kuvula nsapato polowa m'malo opempherera. N'chifukwa chake mpaka lero Mziyoni wa ZCC amasiyana maonekedwe ndi Aziyoni a mikanjo ndi zingwe m'chiuno amene timawadziwa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1920 anapita ku Basutoland, komwe tsopano ndi Lesotho, kukalowa mpingo wa Zion Apostolic Faith Mission wa Edward Motaung, yemwe ankatchukanso ndi dzina loti Edward Lion.

Ulendo wa ku Basutoland ndi umene ukufotokoza bwino za Moria. Lion anali atamanga mudzi wake wa Ziyoni ku Kolonyama, kumene otsatira ake ankakhala pamodzi, kulima pamodzi ndi kupemphera pamodzi pansi pa mtsogoleri mmodzi. Lekganyane anaona ndi maso ake kuti mpingo wokhala ndi malo akeake umakhala ndi mphamvu imene mpingo wongosonkhana pansi pa mtengo sungakhale nayo. Lion anamuika kukhala woyang'anira mipingo ya ku Transvaal, koma ubale wawo sunakhalitse. Atabwerera kwawo, Lekganyane anayambitsa Zion Christian Church, ndipo popempha boma kuti liuzindikire mpingowo mu 1925, anthu ake anali asanakwane 1,000.

Mpingo waung'onowu unakula chifukwa cha machiritso. Poyamba Lekganyane ankasanjika manja pa odwala, koma anthu atachuluka ndi kubalalikira m'madera akutali, anayamba kudalitsa zinthu zoti zinyamulidwe: madzi, tiyi, khofi, timapepala, tinsalu ndi ndodo. Kusinthaku kungaoneke kwakung'ono, koma ndi kumene kunamanga mpingo wonse ku likulu limodzi. Mphamvu sinalinso m'manja mwa mlaliki aliyense payekha. Inkachokera kwa bishopu, ndipo wofuna dalitso lenileni ankayenera kupita kumene kuli bishopuyo kapena kulandira chinthu chochokera kumeneko. Anthu a kumidzi ankamudziwanso ngati munthu wopempherera mvula ndi zokolola, ntchito imene kale inali ya mafumu. Sankaletsa mitala, ndipo sankanyoza mizimu ya makolo monga ankachitira amishoni, zomwe zinapangitsa kuti anthu ambiri alowe mpingo wake popanda kumva ngati ataya mtundu wawo.

Kutchuka kotereku sikukanasangalatsa mfumu ya dera lake. Anthu amene kale ankapereka mitulo ndi kugwira ntchito kwa mfumu anayamba kupita nazo kwa mlaliki, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mkangano wa pakati pa Lekganyane ndi ufumu wa Mamabolo unakula mpaka iye anachoka ku Thabakgone, kusiya tchalitchi cha miyala chimene anayamba kumanga mu 1930. Apa ndi pamene anatsimikiza mtima kupeza malo amene mfumu iliyonse singamuthamangitsepo. Sichinali chinthu chapafupi, pakuti lamulo la malo la 1913 linkaletsa anthu akuda kugula minda m'mbali yaikulu ya dzikolo. Komabe, ndi zopereka za otsatira ake, pakati pa 1938 ndi 1942 anagula mafamu atatu, ndipo imodzi mwa iwo, yotchedwa Maclean, pafupi ndi Boyne, ndiyo inadzatchedwa Moria, potengera dziko la Moriya kumene Abrahamu anapita kukapereka nsembe, komwenso Baibulo limati Solomo anamangako kachisi.

Ndalama zogulira malowo zambiri zinachokera m'matumba a anthu a pa ntchito m'migodi, m'mafakitale ndi m'makhitchini a azungu ku Witwatersrand. Lekganyane anazindikira msanga kufunika kwa anthu amenewa. Munthu wokhala m'komponi ya pamgodi, monga wa ERPM ku Boksburg, ankakumana ndi ngozi za pansi pa nthaka, chifuwa, mowa ndi mantha a ufiti, ndipo mpingo woletsa kumwa, wolonjeza chitetezo ndi wopatsa munthu abale kuchilendo unali ndi chomukopa. Kontrakiti ikatha, munthuyo ankabwerera kwawo atanyamula chikhulupirirocho pamodzi ndi sutikesi ndi bulangete. Umu ndi momwe Samuel Mutendi wa ku Bikita, amene anabatizidwa ali pa ntchito ku Transvaal mu 1923, anapititsira ZCC ku Southern Rhodesia, kumene nthambi yake inadzaima payokha n'kukhala ndi malo akeake opatulika ku Mbungo ndi ku Defe. Ku Bechuanaland mpingowu unalowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ngakhale mafumu ndi boma ankautsutsa. Nako ku Nyasaland, mipingo ya Ziyoni inafika ndi anthu obwerera ku Joni, ena a Wenela, ena a selefu.

N'zomvetsa chisoni kuti dera lomweli la Boksburg, limene linathandiza kufalitsa chipembedzo chosayang'ana malire a mayiko, ndi limene linatchuka pa dziko lonse mu May 2008, pamene ku Ramaphosa anthu ochokera kunja anathamangitsidwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuphedwa. Pa zipolowe zimenezo anthu 62 anafa m'dziko lonselo, ndipo Amalawi ndi anthu a ku Mozambique zikwizikwi anabwerera kwawo pa mabasi.

Pamene Lekganyane ankamwalira mu 1948, chaka chomwe chipani cha National Party chinatenga boma ndi kuyambitsa ulamuliro wa tsankho, mpingo wake unali ndi anthu pafupifupi 50,000. Sanasiye dongosolo lomveka la wodzalowa m'malo mwake, ndipo ana ake awiri, Edward ndi Joseph, analimbirana mpando. Achibale ambiri a kumudzi anali kumbali ya Joseph, pamene Edward anadalira mipingo ya ku Witwatersrand, makamaka gulu la abambo lotchedwa Mokhukhu, lija limavina modumpha ndi nsapato zoyera zikuluzikulu mpaka nthaka kunjenjemera. Mu 1949 mpingo unagawika pawiri. Mbali ya Edward, yomwe ndi yaikulu, inatenga chizindikiro cha nyenyezi. Mbali ya Joseph inatenga nkhunda, ndipo pambuyo pake inadzatchedwa St Engenas Zion Christian Church. Malikulu a mipingo iwiriyi ali moyandikana, ndipo onse amatchedwa Moria.

Kunena zoona, ulendo wa Pasaka monga tikuudziwa lero ndi ntchito ya Edward kuposa ya bambo ake. Iye ndiye anamanga Zion City Moria, anakhazikitsa bandi ya malipenga yotsogolera bishopu, ndipo anasandutsa msonkhano wa pachaka kukhala chinthu chimene membala aliyense amalakalaka kufikako. Edward anamwalira mu 1967 ndipo analowedwa m'malo ndi mwana wake Barnabas, pamene Joseph anamwalira mu 1972. Koma malo, ulamuliro wa bishopu mmodzi ndi mgwirizano wa pakati pa mudzi ndi tauni, zonsezi anasiya ndi Engenas. Kalembera wa 2001 anapeza kuti anthu pafupifupi 5 miliyoni a ku South Africa, kapena kuti 11 pa anthu 100 alionse, ankadzitcha a ZCC.

Andale nawo sanachedwe kuona kuti ku Moria kuli anthu. P.W. Botha anakalankhulako pa Pasaka wa 1985, zimene zinakwiyitsa ambiri omenyera ufulu, ndipo mu 1992 Nelson Mandela, F.W. de Klerk ndi Mangosuthu Buthelezi anakhala pa nsanja imodzi kumeneko pa nthawi imene magazi ankakhetsedwa m'makomboni a East Rand. Kupatula Pasaka, pali msonkhano winanso waukulu mu September, pamene mpingo umayamba chaka chake chatsopano, ndipo nawo umadzaza misewu ya ku Limpopo. Mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendowa mu 2020, eni mabasi ndi ochita malonda a m'mbali mwa R71 ndi amene anayamba kulira, pakuti kwa ambiri a iwo masiku ochepa amenewa ndiwo ankabweretsa phindu la miyezi ingapo.

Msewuwo uli ndi mtengo wake. Mabasi amayenda usiku, madalaivala amatopa, ndipo chaka ndi chaka akuluakulu oona za pamsewu amachenjeza za ngozi pa N1. Pa 28 March 2024, basi yochokera ku Molepolole m'dziko la Botswana inagwa pa mlatho wa Mmamatlakala pa msewu wa R518, pakati pa Marken ndi Mokopane, n'kuyaka moto. Anthu 45 anafa, ndipo anapulumuka ndi mtsikana mmodzi yekha wa zaka 8. Onsewo anali pa ulendo wa Pasaka wopita ku Moria wa nkhunda, ku mpingo umene umatchedwa ndi dzina la Engenas.