Bambo Georges Lemaître, Wansembe Woŵerenga Nyenyezi

Bambo Lemaître anabadwira ku Charleroi, m'dziko la Belgium, m'chaka cha 1894. Atamenya nao nkhondo yaikuru yoyamba m'gulu la mizinga, analoŵa seminale, nalandira unsembe mu 1923.

M'chaka cha 1927, alikuphunzitsa ku Louvain, anaonetsa ndi masamu kuti thambo lonse lilikufutukuka, ndi kuti magulu a nyenyezi alikutalikirana. Ndipo mu 1931 anaonjeza kuti zonsezo zinayamba zitathinana pamodzi monga kambeu kamodzi. Einstein yemwe poyamba anakana. Koma chimene tiyenera kuchisamala ndi ichi: pamene Papa Pius XII anayankhula mu 1951 ngati kuti nzeruzi zatsimikiza kulenga kwa Mulungu, wansembeyu sanakondwe, pakuti anadziŵa kuti masamu a lero angathe kugwetsedwa mawa, ndipo sanafune kuti chikhulupiriro chitsamire pa mzati wotere.

Anamwalira mu 1966, atangomva kuti akatswiri apeza kutentha kotsalira kwa chiyambicho. Mu 2014 chombo chotchedwa dzina lake chinanyamula madzi ndi chakudya kunka nazo ku International Space Station, nyumba ya ofufuza yozungulira dziko lapansi.