HEIKE KAMERLINGH ONNES: MUNTHU AMENE ANAONA MAGETSI AKUYENDA POPANDA COPINGA

Magetsi ocokela ku Kafue Gorge ndi ku Kariba safika onse m'nyumba za ku Chilenje mu Lusaka. Ena amathela m'njila, cifukwa nthambo iliyonse, ngakhale ya mkuwa wabwino wa ku Migodi, imalimbana nawo ndi kuwasandutsa kutentha. Munthu woyamba kuona magetsi akuyenda popanda kutayika anali Heike Kamerlingh Onnes wa dziko la Holland.

Onnes anabadwa pa 21 September 1853 mumzinda wa Groningen, kumene atate ake anali ndi fakitale youmba njelwa. Anaphunzila komweko ndi ku Heidelberg m'dziko la Germany. Mu 1882 anakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Leiden, ndipo anagwila nchito imeneyi kufikila 1923.

M'masiku amenewo akatswili anali kutsutsana pa funso ili: kodi magetsi angatani m'citsulo cozizilitsidwa kothelatu? Lord Kelvin wa ku Britain, munthu wochuka kwambili, anaganiza kuti adzauma ndi kuima. Ena anati adzayenda bwino koposa. Onnes sanakhutile ndi zapakamwa, anafuna kuyesa. Koma kuzizila kofunikako kunalibe pa dziko lonse lapansi, motelo anayenela kukupanga iye mwini.

Nchitoyi inamtengela zaka zoposa 25. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, mu 1901 anatsegula sukulu yophunzitsa acinyamata kuumba magalasi ndi kusula zipangizo. Pa 10 July 1908 iye ndi omthandiza anakhala oyamba kusandutsa mpweya wochedwa helium kukhala wamadzi. Kuzizila kwake kunali madigili 269 pansi pa kuzizila kumene madzi amaundana nako.

Pa 8 April 1911 anazizilitsa mekyuli, citsulo camadzi cija cimene cinali m'kagalasi koyesela kutentha kwa thupi ku cipatala, napitilizamo magetsi. Magetsiwo sanaume monga anaganizila Kelvin. Copinga cao cinazimililika mwadzidzidzi. Pambuyo pake anapeza zomwezo mu mtovu, ndipo mu 1914 anaonetsa magetsi akuzungulila okha m'nthambo ya mtovu yolumikiza kumapeto, popanda batile. Mu 1913 analandila mphoto ya Nobel cifukwa ca nchito yake pa kuzizila.

Onnes anamwalila ku Leiden pa 21 February 1926 asanadziwe cifukwa cimene zitsulo zina zimatelo. Mu 1957 John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer a ku America ndiwo anamasulila cinsinsico: m'kuzizila kwakukulu, timphamvu tonyamula magetsi timayenda tiwilitiwili mogwilizana, ndipo citsulo cimalephela kutibalalitsa.

Lelo makina a MRI, ounikila m'kati mwa thupi m'zipatala zazikulu, amadalila zimene Onnes anapeza. Nthambo zake zimakutidwa ndi mkuwa wozichinjiliza, ngakhale kuti mkuwa pa wokha sutaya copinga cake.

Nchito yake yafika tsopano pa zinthu zopyapyala koposa. Kuda kwa m'kati mwa pensulo kumasendeka kufikila kutsala kampepala kocindikala ngati atomu imodzi, kochedwa graphene. Mu 2011 Rafi Bistritzer ndi Allan MacDonald a ku Texas anawelengela mwa masamu kuti timapepala tiwili totele tikasanjikizana mopotoka pang'ono, magetsi adzacita zacilendo. Mu 2018 akatswili a pa sukulu ya MIT anayesa, napeza kuti copinga cazimililika. Monga m'masiku a Onnes, kuyesa ndiko kunagamula mlandu.

Komabe zimenezi zinacitika pa madigili 271 pansi pa kuundana kwa madzi. Nthambo yosataya magetsi imene ingapilile dzuwa la mu October ku Chilenje ikali kufunidwa.