Lord Shaftesbury: Wapampando Amene Anali Kupita Kukaona Yekha

Anthony Ashley-Cooper, wodziwika ndi dzina lakuti Lord Shaftesbury, anabadwira ku London pa 28 April 1801. Makolo ake anali olemera, koma analibe naye nthawi. Amene anamuonetsa cikondi ndi Maria Millis, mai wogwira nchito pa nyumba pao. Mai ameneyu ndiye anamufotokozera nkhani za m'Baibulo ndi kumuphunzitsa kupemphera. Pomwalira anamusiyira wochi, imene iye anaisunga moyo wake wonse.

Mu 1826 Shaftesbury analowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain. Caka cotsatira anaikidwa m'komiti yofufuza kasungidwe ka amphawi odwala misala. Pa nyumba ina ku Bethnal Green, mu London, odwala anali kugona pa udzu, omangidwa ndi unyolo kuyambira pa Loweruka kufikira pa Lolemba popanda wowasamala. Iye sanakhutire ndi zongomva, anapita kukaona ndi maso ake.

Mu 1828 boma linakhazikitsa bungwe lopereka ziphaso ku nyumba zotere za mu London ndi kuziyendera, ndipo iye anakhala mmodzi wa mamembala. Mu 1845 anatsogolera malamulo atsopano amene anafutukula nchitoyi kuti ifike mu England ndi Wales monse, ndi kulamula zigawo kumanga zipatala za odwala misala. Anakhala wapampando wa bungwe limeneli zaka 40, osalandira malipiro.

Sanalekere pomwepo. Lamulo la mu 1842, limene iye analimbikira, linaletsa azimai, atsikana ndi anyamata osafika zaka 10 kugwira nchito pansi m'migodi ya malasha. Kuyambira mu 1844 anatsogolera Ragged School Union, bungwe la masukulu aulere a ana osaukitsitsa, ndipo mu 1851 anakhala pulezidenti wa British and Foreign Bible Society. Ngakhale anali ndi maudindo onsewa, anali kuyendabe m'makomboni kumene anawo anali kukhala.

Anamwalira pa 1 October 1885 ku Folkestone, akali pa mpando wa bungwe loyang'anira za odwala misala. Pa tsiku la mapemphero a maliro ake ku Westminster Abbey, amphawi anadzaza m'mbali mwa miseu: ogulitsa maluwa, opukuta nsapato ndi ogwira nchito m'mafakitale.

Azimai anzanga, ambiri a ife tili m'makomiti osunga ndalama ndi katundu wa amasiye, okalamba ndi odwala. Mpando wotere sufuna wongosaina malipoti. Ufuna munthu wonyamuka kukaona ngati thandizo lafikadi kwa eni ake. Tikumbukirenso kuti nchito yonseyi inayambira kwa mai mmodzi wa nchito amene anapeza nthawi yokhala pansi ndi mwana wosowa cikondi.